Kupereka akuluakulu awiri chifukwa cha mwana mmodzi: mmene ndimayezera kusinthana kwa osewera mu NHL

Ine hoke ya pa ayisi ndinaidziwira pa salaula. Chaka china pa Kapata ndinatola jezi yofiira yaikulu ngati bulangeti, pachifuwa chilembo cha C choyaka moto, kumsana nambala 12 ndi dzina lakuti Iginla, ndinagulira chabe mphepo ya mu June koma nditafufuza dzinalo pa foni ndinapeza kuti mwini wake ndi munthu wakuda, atate ake ochokera ku Nigeria, kaputeni wa Calgary Flames zaka zambirimbiri, ndiye kuchokera tsiku lomwelo masewerawa anandigwira mpaka lero. Magemu ambiri amayamba cha m'ma 01 kapena 02 hours kuno kwathu, so nthawi zambiri timaonera zidule zake pa YouTube m'mawa, ndipo tilipo anayi kapena asanu amene timakumana pa kababashopu kena kufupi ndi msika kumakangana za matimu a ku Canada ndi America ngati ndi a pa David Kaunda Stadium pompa.

Mkangano umene sukutha pakati pathu ndi uwu: timu yatenga osewera awiri odziwika, anthu oti zigoli zawo tonse tinaziona, yawapereka ku timu ina, ndipo chimene yalandira ndi kamnyamata ka zaka 19 koti sikanapondepo ayisi ya NHL, ligi yaikulu ya hoke ya matimu a ku Canada ndi America, olo kamodzi. Kumeneko amati prospect, ine ndimangoti mphukira. Mnzanga wina ometa akangomva zotere amayika makina pansi nkuyamba kutukwana GM, bwana wa timu amene amagula ndi kusinthanitsa osewera, wina amaombera m'manja kuti tsogolo lafika, onse awiri asanayeze kanthu. Apa ndifuna ndikambe mmene ine ndimayezera, ndi zinthu zimene ndimayang'ana motsatana, chifukwa ndaona kuti ukazisokoneza dongosolo umaweruza molakwa.

Poyamba mvetsani kuti kuno sikuli ngati ku bola. Patson Daka pochoka ku Salzburg kupita ku Leicester mu 2021 panayenda ndalama basi, wina wapereka makobiri wina wapereka munthu. Mu NHL kuyambira 2005 saloledwa kuika ndalama pa tebulo, umasinthana munthu ndi munthu, kapena munthu ndi mwayi wosankha pa dirafuti, uja msonkhano wa mu June umene matimu 32 amagawana anyamata a zaka 18 m'maraundi 7. Komanso pali salary cap, malire a malipiro a timu yonse, amene anayambira pa 39 miliyoni ya madola mu 2005 ndipo mu sizoni ya 2025-26 anafika pa 95.5 miliyoni, olemera ndi osauka malire ndi amodzi. Ndiye ukamapereka wosewera sukupereka miyendo yake yokha, ukuperekanso katundu wa malipiro ake, ndipo ukamalandira mwana ukulandira munthu wotchipa kwa zaka zingapo. Izi muzisunge m'mutu, tibwererako.

Ndisanatchule ndi wosewera yemwe ndimayamba ndafunsa kuti timu imeneyi ili pa nyengo yanji. Amalume anga kumudzi cha ku Katete anali ndi ng'ombe ziwiri zolima, zazikulu zomvera, zoti ukaziika goli zimadziwa zokha pokhotera kumapeto kwa mzere. Chaka china mu Okutobala anazisinthanitsa ndi msoti umodzi wabwino kwambiri ndi kathole, ndipo mvula itagwa mu Novembala panalibe chokoka pulawo, anadikira anzawo amalize minda yawo kuti abwereke, chimanga chinalowa m'nthaka mochedwa, chaka chimenecho nkhokwe sinadzale ndipo azakhali sanawalankhule bwino mpaka kukolola. Patapita zaka zinayi khola linali ndi ng'ombe zoti anthu amaima kuziyang'ana. Msoti unali wabwino ndithu, cholakwika unali mwezi. Akanasinthanitsa mu Meyi atakolola, palibe akanadandaula. Timu nayo ili chimodzimodzi, ngati golikipa wanu ali pachimake, senta wanu wamkulu, uja wa pakati kutsogolo, ali ndi zaka 29, ndipo chaka chatha munafika pafupi ndi Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, ndiye kuti mvula yagwa kale, simungapereke ng'ombe zolima chifukwa cha msoti olo ukongole bwanji. Koma ngati mwakhala zaka zitatu osalowa mu playoffs, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni olimbirana chikho, ndipo akuluakulu anuwo pofika nthawi yoti timu idzuke adzakhala atatha, kuwasunga ndi kungodyetsa msipu chabe.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha mwini jezi yangayo. Mu Disembala 1995 Joe Nieuwendyk, kaputeni wa Calgary, anali pa mkangano wa kontrakiti osasewera, zaka 29, ndipo Calgary inamupereka ku Dallas Stars nkulandira Corey Millen ndi kamnyamata kosewera mu timu ya ana ya ku Kamloops kamene Dallas inali itangokasankha pa nambala 11 chaka chomwecho, Jarome Iginla. Dallas inkafuna chikho msanga ndipo inachipeza mu 1999, Nieuwendyk nkutenga Conn Smythe, mphoto ya wosewera bwino koposa mu playoffs. Calgary inkafunika munthu womangapo nyumba, inapeza munthu amene anamwetsa zigoli 52 mu 2001-02, anaifikitsa mu fainolo ya 2004 mpaka gemu ya 7 ndi Tampa Bay, ndipo anamaliza ntchito yake yonse ndi zigoli 625. Mukafunsa kuti anawina ndani, onse awiri anadziwa mwezi umene anali.

Manje onani mbali ina. Mu Epulo 2013 Washington Capitals inapereka Filip Forsberg, mwana wa ku Sweden amene inamusankha pa nambala 11 mu 2012, nkulandira Martin Erat wa zaka 31 ndi Michael Latta kuchokera ku Nashville. Washington inkaganiza kuti yatsala ndi munthu mmodzi kuti ifike, koma inagwa mu raundi yoyamba ndi New York Rangers, Erat anamwetsa zigoli 2 chabe nthawi yonse imene anavala jezi ya Washington ndipo chisanathe chaka anali atapita ku Phoenix, pomwe Forsberg lero ndiye womwetsa zigoli zambiri m'mbiri yonse ya Nashville Predators. David Poile, GM wa Nashville nthawi imeneyo, anaona kuti sizoni yake yafa kale ndipo Erat mwini wake ankafuna kuchoka, anagulitsa pa nthawi yake. So ngati timu yanu ndiyo ikupereka wamkulu, funsani kuti kodi ali ngati Nieuwendyk amene akadali ndi chikho m'miyendo, kapena ali ngati Erat amene dzina latsala koma zigoli zayamba kuuma.

Apa ndiye pofunika kutsegula pakamwa pa ng'ombe. Amalume aja akafuna kugula ng'ombe samvera za mwini wake, amaigwira mphuno ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu cha kumanja amatsitsa mlomo wapansi nkuwerenga mano, akaona kuti aperepeseka afupika amangopukuta dzanja pa buluku nkuchokapo osanena kanthu. Mano a wosewera ndi zaka zake, kontrakiti yake, ndi maminitsi amene kochi akumupatsa. Wa kutsogolo akadutsa 30 nthawi zambiri liwiro limayamba kutsika, ndipo hoke ya masiku ano ndi ya liwiro. Yang'anani zigoli za masizoni atatu apitawa osati za moyo wake wonse, yang'ananinso kuti zingati anamwetsa matimu ali ofanana asanu kwa asanu ndi zingati pa power play pamene adani achepa ndi munthu mmodzi, chifukwa munthu amene akudya pa power play pokha ndiye kuti miyendo yayamba kumukana. Kenako kontrakiti. Wosewera akafika zaka 27 kapena akakwanitsa masizoni 7 mu ligi, kontrakiti yake ikatha amakhala mfulu pa 1 Julayi kupita kumene afuna ndipo timu siilandira olo kakobiri. Ndiye "tapereka nyenyezi yathu" nthawi zina tanthauzo lake lenileni ndi lakuti tapereka miyezi itatu yomaliza ya munthu amene amachoka kale.

Ndi zimene zinachitikira Ottawa mu Febuluwale 2019. Mark Stone anali ndi zaka 26, kontrakiti ikutha, Ottawa inamupereka ku Vegas nkulandira Erik Brännström, difenda wa ku Sweden amene aliyense ankamutama, pamodzi ndi Oscar Lindberg ndi mwayi wa raundi yachiwiri. Stone anasaina zaka 8 ku Vegas, anakhala kaputeni, nkunyamula chikho mu 2023 atamwetsa zigoli zitatu pa gemu yomaliza. Brännström sanakhale nyenyezi imene ankayembekeza. Ndikamayeza iyi sindinena kuti Ottawa ikanamusunga, chifukwa mwina akanachoka chabe, cholakwa chimene ndimaona ndi kudikira mpaka tsiku lomaliza lololedwa kusinthana osewera pamene aliyense akudziwa kuti uli pakona, komanso kuika chiyembekezo chonse pa mwana mmodzi wamng'ono thupi. Munthu wa zaka 26 amene amasewera mbali zonse ziwiri za ayisi si ng'ombe yokalamba, ameneyo mtengo wake umayenera kukhala ana awiri kapena atatu.

Nthawi zina wamkuluyo kumuchotsa kokha ndi phindu. Scott Gomez ankadya kupitirira 7 miliyoni pa chaka ku New York Rangers, mu June 2009 anamutumiza ku Montreal ndipo m'katundu amene Rangers inalandira munali Ryan McDonagh, difenda wa ku yunivesite ya Wisconsin amene anali asanasewere NHL. Gomez ku Montreal anadzakhala chaka chathunthu osamwetsa chigoli, McDonagh anakhala kaputeni wa Rangers kenako nkukatenga zikho ziwiri ndi Tampa Bay mu 2020 ndi 2021. Apa Rangers inadya kawiri, mwana ndi malo mu cap. Chitani samu nokha papepala: tinene kuti mwapereka wina wa 6 miliyoni ndi wina wa 4 miliyoni, mwana amene wabwera ali pa kontrakiti yoyamba ija ya zaka zitatu imene malipiro ake enieni ali cha m'ma miliyoni imodzi kupatula mabonasi, ndiye mwatsala ndi pafupifupi 9 miliyoni m'manja. Funso nlakuti GM achita nayo chiyani. Ngati akagulira senta wabwino mu Julayi, muwerengere senta ameneyo ku mbali ya zimene mwalandira. Ngati eni timu angoisunga, ndiye mwapereka anthu awiri chifukwa cha mwana ndi mphepo. Onaninso ngati timu yanu yavomera kupitiriza kulipira gawo la malipiro a amene wachokayo, malamulo amalola mpaka theka, ndipo zikatero samu ija imasintha. Ndiponso ngati wamkuluyo anali ndi no-trade clause, ufulu wokana matimu ena, dziwani kuti GM sanagulitse pamsika wonse, anagulitsa kwa anthu awiri atatu amene mwini wake analoza, mtengo umatsika pamenepo ndipo si bwino kumuweruza ngati anali ndi ogula 31.

Lomba tifike pa mwana. Anzanga ambiri amathamangira nambala imene anasankhidwira pa dirafuti, ati anali wachinayi dziko lonse ndiye ndi golide. Nambala imeneyo ndi chithunzi cha tsiku limodzi pamene anali ndi zaka 18, ndipo chaka chilichonse chimene chadutsa chimafufuta. Griffin Reinhart anasankhidwa wachinayi mu 2012 ndi New York Islanders, patapita zaka zitatu anali asanakhazikike, Edmonton inaperekabe nambala 16 ndi 33 za mu 2015 kuti imutenge, ndipo pa nambala 16 paja Islanders inasankha Mathew Barzal. Reinhart sanakhalitse mu NHL. Ine ndimafunsa kuti chichokereni tsiku la dirafuti wakwera kapena waima. Ndimafunsanso kuti akusewera ndi ndani. Mapointi 100, kuphatikiza zigoli ndi mapasi obala zigoli, mu ligi za ana za ku Canada, OHL, WHL ndi QMJHL, amasangalatsa koma ngati mwanayo ali ndi zaka 20 akupondereza a zaka 17 sizikutiuza zambiri. Wa zaka 19 amene akupatsidwa maminitsi ambiri pakati pa abambo a ndevu mu SHL ya ku Sweden, Liiga ya ku Finland, KHL ya ku Russia kapena AHL imene ili pansi pa NHL, olo mapointi ake achepe, ameneyo ndimamukhulupirira kwambiri. Wochokera ku Ulaya kumbukirani kuti ayisi ya kwawo nthawi zambiri ndi yotakata, ya NHL ndi mafiti 85 m'lifupi, nthawi yoganiza imachepa ndipo khoma limafika msanga.

Mavidiyo a zigoli zake musawakhulupirire okha, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ngati mabando alola, pezani gemu yathunthu imodzi, musiye kutsata puck, kampira kakuda kaphwatalala kamene amamenya ndi ndodo, mutsate iyeyo. Onani masitepe ake atatu oyamba akamanyamuka, onani ngati amatembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo asanalandire, onani akataya puck ngati amabwerera mwamphamvu kapena amangoyandama kudikira anzake. Tsiku lina malaiti atapita ndinakhala pakhonde ndi foni ili pa 30 peresenti kuonera mwana wina amene tinkamutama tonse, ndinawerenga kasanu konse akulowa pakona ya ayisi mochedwa dala kuti wina ayambe kugundidwa ndiye, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kumuwerengera ngati munthu wa mzere woyamba, gulu lija la akutsogolo atatu odalirika koposa. Kuwombera kumaphunzitsika, thupi limakula, koma mantha a pakona ndi kuchedwa kuganiza sizichoka msanga. Malo amene amasewera nawonso ali ndi mtengo wake: senta ndi difenda wogwira ndodo kumanja ndi osowa, mawinga amapezeka chaka chilichonse.

Magolikipa okha ndi nkhani ina, amachedwa kupsa ndipo amanamiza. Toronto inali ndi ana awiri a pagolo, Justin Pogge amene anawala ndi Canada pa World Juniors ya 2006, mpikisano wa maiko wa osakwana zaka 20 umene umayamba pa nyengo ya Khirisimasi, ndi Tuukka Rask wa ku Finland. Inasunga Pogge, nkupereka Rask ku Boston mu June 2006 chifukwa cha Andrew Raycroft. Pogge anasewera magemu 7 chabe mu NHL, Rask anatenga Vezina, mphoto ya golikipa wabwino koposa, mu 2014 ndipo ndiye golikipa wopambana magemu ambiri m'mbiri ya Boston Bruins. Mpikisano wa masabata awiri wa pa Khirisimasi usakupangitseni kuganiza kuti mwamudziwa mwana.

Funso lotsatira ndi limene ndimaliona lolemera ndipo anthu amalidumpha: chifukwa chiyani eni ake akumugulitsa? Timu imene inamusankha yamuona m'mawa ndi madzulo, madokotala ake amudziwa bondo ndi phewa, makochi ake akudziwa ngati amamva zomuuza. Munthu sagulitsa msoti wabwino popanda chifukwa. Chifukwa china ndi chabwino kwa inu, monga iwo ali pa mpikisano wa chikho ndipo afunika thandizo lero, kapena ali ndi ana ambiri pamalo amodzi, ngati mmene Vegas inaperekera Nick Suzuki ku Montreal mu Seputembala 2018 pamodzi ndi Tomas Tatar kuti itenge Max Pacioretty, ndipo Suzuki pofika 2022 anali kaputeni wa Montreal Canadiens. Chifukwa china ndi chakuti mwanayo wakana kusaina. Cutter Gauthier, wachisanu mu 2022, sanafune Philadelphia ndipo mu Januwale 2024 anamutumiza ku Anaheim posinthana ndi Jamie Drysdale ndi mwayi wa raundi yachiwiri. Adam Fox anasankhidwa ndi Calgary, anadutsa ku Carolina osasaina, mpaka anafika ku Rangers kumene ankafuna ndipo anatenga Norris, mphoto ya difenda wabwino koposa, mu 2021. Ndiye musanakondwe funsani kuti kodi kwa ife asaina? Ana a ku yunivesite za ku America ali ndi njira yodikira mpaka ufulu wa timu uthe, Jimmy Vesey mu 2016 Buffalo inapereka mwayi wa raundi yachitatu ku Nashville kuti ingokamba naye, iye nkupita ku Rangers. A ku Russia nawo amakhala ndi makontrakiti a KHL, Kirill Kaprizov anasankhidwa ndi Minnesota mu 2015 koma anafika mu sizoni ya 2020-21. Anafika ali wakupsa ndithu, koma zaka zisanu zodikira muziike pa sikelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, mwana wosasaina akadali pachala.

Nkhani yaikulu koposa ya mtundu uwu ndi ya Eric Lindros, ndipo aliyense wofuna kuphunzira kuyeza ayambire pamenepa. Quebec Nordiques inamusankha woyamba mu 1991, iye anakana kukasewera kumeneko, anakhala chaka chonse kunja kwa NHL. Mu June 1992 Quebec inagwirizana ndi matimu awiri nthawi imodzi, Philadelphia ndi Rangers, mpaka anachita kuitana woweruza amene anagamula kuti Philadelphia ndiyo inayamba. Mtengo wake unali golikipa Ron Hextall, madifenda Steve Duchesne ndi Kerry Huffman, Mike Ricci, Chris Simon, mwayi wa raundi yoyamba kawiri, madola 15 miliyoni popeza nthawi imeneyo ndalama zinkaloledwa, ndi mwana wina wa ku Sweden dzina lake Peter Forsberg, amene si m'bale wa Filip uja. Zonsezi chifukwa cha mnyamata wa zaka 19 wosasewerapo gemu ya NHL. Ndipo Lindros sanali wabodza ayi, anali chimphona chothamanga, anatenga Hart, mphoto ya wosewera wofunika koposa mu ligi, mu 1995, anafikitsa Philadelphia Flyers mu fainolo ya 1997 kumene Detroit inawakwapula magemu anayi osabweza. Koma kugundidwa m'mutu mobwerezabwereza kunamudya, ndipo chikho sanachigwire. Quebec inasamukira ku Denver mu 1995 nkukhala Colorado Avalanche, inatenga chikho mu 1996 ndi 2001, Peter Forsberg anadzatenganso Hart mu 2003, ndipo golikipa Jocelyn Thibault amene anachokera pa umodzi wa mwayi uja ndiye analowa m'katundu wogulira Patrick Roy ku Montreal mu Disembala 1995. Chimene ndimatolapo apa nchakuti Philadelphia sinalakwe pomuona mwanayo, inamuona bwino, koma inathira mbewu yonse m'phando limodzi ndipo bondo limodzi kapena mutu umodzi ukhoza kutenga zonse. Ukapereka anthu ambiri chifukwa cha mmodzi, sikokwanira kuti akhale wabwino, afunika akhale wabwino ndi wathanzi zaka khumi, komanso pakhale otsala oti asewere naye. Ndiponso m'katundu amene ukupereka fufuza bwino ngati mulibe Forsberg wako.

Pali china chimene manambala sakuonetsani. Akuluakulu mukawachotsa onse, mwanayo adzaphunzira kwa ndani kudya bwino, kugona pa maulendo, kupirira magemu oposa 80 pa sizoni? Ndi ndani adzatenga maminitsi ovuta olimbana ndi mzere woyamba wa adani kuti iye akule pang'onopang'ono? Difenda wamkulu amasewera maminitsi pafupifupi 25 pa 60, mukamupereka maminitsi amenewo sasowa, amagwera munthu wina amene mwina sanakonzeke. Pa goli amalume amamanga kang'ombe kophunzira pambali pa yozolowera, samanga tiwiri tatsopano, tikhoza kuthyola pulawo. So ndimayang'ana kuti watsala ndani m'chipinda chovalira, ndi kuti kochi amene alipo ali ndi mbiri yopatsa ana mpata kapena amawakhazika pa benchi akangolakwa kamodzi.

Kenako dziikireni nthawi yoweruzira, ndipo musaifupikitse. Pa 1 Julayi 2018 Buffalo inapereka Ryan O'Reilly ku St. Louis nkulandira Tage Thompson, Patrik Berglund, Vladimir Sobotka ndi mwayi wa pa dirafuti kawiri. Chisanathe chaka St. Louis, imene kumayambiriro kwa Januwale inali pansi pa ligi yonse, inanyamula chikho ndipo O'Reilly anatenga Conn Smythe, pomwe Thompson anamwetsa 7 chabe sizoni yonse, chaka chotsatira nkuvulala phewa. Aliyense anati Buffalo yaberedwa masana. Mu 2021-22 kochi Don Granato anamusuntha kumuika pa senta, mnyamata wamtali pafupifupi mamita awiri uja anamwetsa 38, chaka chinacho 47. St. Louis chikho chake palibe angachilande, koma amene anatseka buku mu 2019 anatseka msanga. Wa kutsogolo ndimamupatsa zaka zitatu, difenda zinayi, golikipa zisanu kapena kuposa.

Chimene ndimachita ine, ndipo ndikupemphani muyese, ndili ndi kabuku ka masamu ka ana a sukulu kamene ndimalembamo pa tsiku lenileni la kusinthanako ndisanamve za wina aliyense. Ndimalemba nyengo imene timu ili, zaka ndi kontrakiti za amene achoka, ndalama imene yamasuka, ligi ndi zaka za mwana, ngati wasaina, chifukwa chimene ndikuganiza kuti eni ake amutayira, ndiye pansi pake ndimalemba mizere itatu: akapsa bwino adzakhala ndani, akakhala wapakatikati adzakhala ndani, akakanika titsala ndi chiyani. Mzere wapakatiwo ndiwo ndimayezera, chifukwa ana ambiri amathera pamenepo, ndipo ngati kusinthanako kukuoneka kwanzeru pokhapokha mwanayo atakhala Iginla ndiye kuti GM wabetcha, sanayeze. Kulemba tsiku lomwelo kumathandiza kuti podzaweruza GM muzimuweruza ndi zimene zinkadziwika nthawi imeneyo, chifukwa mwana kuthyoka bondo chaka chachiwiri si mlandu wa amene anamugula, koma kugula mwana amene aliyense ankaona kuti sathamanga ndi mlandu.

Tsiku lotseka msika wosinthana osewera masiku ano limakhala kumayambiriro kwa Malichi, 3 koloko masana ku New York imene kuno ndi 22 hours, patangopita masiku ochepa anthu atabwerako ku Nc'wala ku Mtenguleni, chimanga chili chachiwisi m'minda. Usiku umenewo ababa amatseka mochedwa, timatchaja mafoni masana kuopa malaiti, wina amabwera ndi chimanga chootcha, ndipo nkhani zimagwa motsatizana mpaka ola lomaliza. Chaka chino ndauza anzanga kuti aliyense abwere ndi kabuku kake ndi bolopeni, tilembe tisanayambe kukangana, masamba amenewo tidzawatsegule mu 2029.